Mawu a mu Mpendero

9 Malichi

Amake Chisamba,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene ukundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti unyamata unapita. Mwendo wa amayi uja uli bwanji? Mankhwala opaka ndawaika mu katoni, pansi pa mabulangete. Adalaivala akakupatsani Loweruka. Sopoyo ndi wa pakhomo, si wogawira aliyense wobwera ndi moni wautali.

Ndalemba kalata dala. Foni yanu imagona m'thumba mwa amayi, ndipo nkhani ya lero ndi ya mwana wawo.

Kanema uja akutuluka Lachisanu likubwerali. Uja ndinakuuzani, wochokera m'buku lonenepa ngati njerwa. Mwana wa mfumu amuthamangitsa kwawo, amawoloka mapiri asanu ndi awiri atakwera kamba wamkulu ngati basi, n'kubwerera kudzalanda mpando wa atate ake. Zithunzi zake azipachika paliponse, pa mabasi, pa makoma, ngakhale pa mabotolo a zakumwa. Ndipo paliponsepo mnyamatayo wavala mwinjiro wobiriwira wa mpendero wagolide. Mwinjiro umenewo ndi manja anga awa, amake Chisamba. Miyezi isanu ndi iwiri ndili chiweramire, maso kuchita kuyabwa ndi ulusi wonyezimira.

Mumati nkhani ya achimwene anu ndimaikokomeza. Lero muimve yonse. N'zoona, ndi iwo anandiitanira kuno, ndipo m'chipinda chosokera zovala za kanemayo kapitawo anali iwo. Tonse tinkawatchula kuti a Bwana Tayi, chifukwa munthu wovala tayi pakati pa makina osokera sitinamuonepo. Dona woyang'anira zovala anati akufuna zilembo zooneka zakalekale kuzungulira mpendero. Onse anakanda mitu. Ine ndinazijambula mu kope langa nthawi yopuma, anzanga akudya. A Bwana Tayi ataliona anati, “Mlamu, bweretsa ndikakuonetsere kwa Dona.” Anabwerako ndi tayi yatsopano ndi mpando wa khushoni. Kope silinabwerere.

Nditawafunsa, mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti, “Mlamu, iwe ndiwe singano, ine ndine dzanja. Unamvapo munthu akuyamika singano?” Nditati ndikaonane ndi Dona ndekha, anayamba kundifunsa za mapepala anga okhalira kuno, mokoma, akumwetulira. Zinazo ndidzanena pamaso. Mwinjiro utangotha, nayonso ntchito yanga inathera pomwepo.

Panopa ndili ndi tebulo kumsika, pakhonde la wogulitsa nsapato. Ndimafupikitsa mathalauza ndi kuika mazipi. Sizasi ya malemu atate anu ikadadula ngati yatsopano, ndipo imagona m'kathumba kake komwe kaja anandipatsira tsiku limene ndinkanyamuka. Ndikaigwira ndimawakumbuka. Ngakhale atatuluka kundende pa nkhani ya nsalu ya eni sitolo ija, anthu atasiya kuwabweretsera zosoka, dzanja lawo silinanjenjemerepo. Ndi iwo anandiphunzitsa kubisa mawu mu mpendero. Paja pa diresi lanu la ukwati anabisapo kuti “mukhale bwino”, inu n'kudzaona patatha chaka mukuchapa.

Ndiye nanenso mu mpendero wa mwinjirowo ndinasiyamo kanthu. A Bwana Tayi sanakaone. Iwo ntchito amaiyang'ana pamalo posainira basi. Asiyeni avale tayi yawo, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tidikire Lachisanu.

Chisamba alimbikire masamu. Ine wanu,
Bambo a ana.

17 Malichi

Amake Chisamba,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino kwambiri, moti msana ndauiwala. Katoni ija yafika? Denga la kuchipinda kwa ana musadikire mvula ina, muitane kalipentala uja, osati woledzera uja, winayo.

Ndakaonera! Dzulo masana ndinatseka tebulo, n'kuvala jekete. Mtengo wa tikiti ndisakuuzeni, mungandinene, ungagule nsapato za Chisamba ndi masokosi omwe. Mzere unachita kutuluka pakhomo mpaka pokwerera basi. Anthu akuluakulu ndithu, a ndevu zawo, atavala zipewa zamapepala ndi malupanga apulasitiki. Ena ananyamula buku lija kukhwapa ngati akupita kutchalitchi.

Ndinakhala pafupi ndi bambo wina wadazi, wa magalasi, buku lili pamiyendo. Ameneyo sanabwere kudzaonera, anabwera kudzagwira anthu bodza. Kamba atangotulukira, holo yonse “Haaa!”, iye tsonyo. Akuti m'buku kambayo ali ndi maso atatu, apa amupatsa awiri. Azakhali akhungu a mwana wa mfumuyo awachotsamo, iye kuchita kumenya buku pabondo. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina amene analira kamba uja atalasidwa pamlatho, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi. Ndinafuna kumuuza kuti mayi, kambayo ndi matabwa ndi labala, ndinkamudyera pamsana nthawi yopuma. Koma ndisaname, nanenso kambayo ndinamumvera chisoni.

Ndiye panafika pamene ndinkadikira. Mwana wa mfumu waima pachipata cha mzinda wa atate ake. Ng'oma zikulira pansipansi. Mphepo inanyamula mwinjiro, ndipo wojambula anautsata mpenderowo pang'onopang'ono, kuyambira uku mpaka uko. Amake Chisamba, pa nsalu zilembozo zinkaoneka ngati mphutsi zopiringizana. Pa chinsalu cha kanema chilembo chilichonse chinali ngati chitseko! Holo yonse zii. Wadazi uja kukamwa yasa.

Kenaka kumbuyo kwenikweni ndinangomva mawu a kwathu. Mzimayi wina akuti, “Mayo ine! Asisi, mukuwerenga zimene ndikuwerenga inezi?” Mnzake n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu: “Mwa-na wa mba-va ndi mba-va!” Anaphulika kuseka awiriwo, kuchita kuombana m'manja. Anthu kuwatsonya, kuwaloza, mpaka mlonda anabwera ndi tochi. Akuwatulutsa, wina anali akunenabe kuti, “Koma telala ameneyu anamupsetsa mtima ndani?” Ine ndinaluma chipewa kuti ndisamveke.

Ndi amenewo mawu anga. Mwana wa mbava ndi mbava. Ndinawasoka ndi ulusi wagolide wa kampani yawo yomwe, mlungu umene achimwene anu anandifunsa za mapepala.

Kanema atatha onse anatuluka, ine ndinatsala ndi osesa. Mayina anayamba kukwera ngati linthumbu. Wophika tiyi analipo. Wodyetsa mahatchi analipo. Dzina la achimwene anu linatuluka lonse, ndi la pakati lomwe, akuti wopeta ndiponso mwini zilembo zakale. Langa ndinalidikira mpaka magetsi anayaka, wosesa n'kundipempha kuti ndikweze mapazi. Zinandiwawa, sindibisa. Koma ndikutuluka ndinadziuza kuti dzina lawo lili kumapeto, kumene anthu amakhala atapita. Mawu anga ali pakati, pamene aliyense ali maso.

Amayi musawawerengere kalatayi. Ine wanu,
Bambo a ana.

6 Epulo

Amake Chisamba,

Muli bwanji nonse? Adalaivala abwera kawiri opanda kalata yanu. Akuti anakupezani muli otanganidwa. Chabwino, ntchito za pakhomo ndikuzidziwa. Ine ndili bwino, kungoti chala chapakatichi chatupa ndi singano.

Kuno kwavuta, koma kuvuta kokoma. Mawu aja ayenda kuposa mwini wake. Ali pa malaya, pa makapu, pa zikwama za ana a sukulu. Dzana mu basi ndinaona mnyamata wa misinkhu yake atawadinditsa pamkono, kuyambira pachigongono mpaka padzanja, zosafufutika mpaka kumanda. Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Anandiyang'ana ngati mbuli, akuti ndi chinenero cha mafumu akale, inu simungamve. Ndinati zikomo, bwana.

Anthu a buku agawikana pawiri. Ena akuti mawuwo m'buku mulibe, choncho kanemayo ndi wachinyengo, ndipo akulemberana masaini kuti awachotse. Ena akuti ndi pomwe pali mtima wa kanema yense. Amatukwanizana pa wailesi m'mawa uliwonse, ine ndikusoka. Mphunzitsi wina wamkulu anafotokoza kwa theka la ola kuti zilembozo zikufanana ndi zolembedwa pa miyala ya kutali. Miyala yake iti, kope langa la mizere lija!

Tsono Lachiwiri anaitana mwini zilembo pa TV. Tinaonera kometera, anthu a kwathu okhaokha, ena tsitsi lili theka. Atulukira achimwene anu, tayi yofiira, nsapato kuwala. Pofika tsikulo anali atawerenga kale, chifukwa nkhope inali ngati ya munthu amene wameza fupa. Mtsikana wofunsayo anati, “Dziko lonse likufuna kudziwa, mawu amene munalembawa akuti chiyani?” Iwo kumwa madzi. Kukonza tayi. Kumwanso madzi. Kenaka akuti, “Akutanthauza kuti mwana wa mfumu ndi mfumu.” Anthu a mu TV kuwomba m'manja. Kometera kuja, wometa anagwetsa makina, wina anagwa pabenchi, wina anatuluka panja kukaseka atagwira khoma.

Akanatani? Akanati sindinalembe ndine, akanavomera kuti anaba. Akanati ndinalemba ndine, ndiye kuti anadzitukwana okha. Msampha wotere sindinauganizire n'komwe, unadzitchera wokha. Panopa akamadutsa kumsika anyamata a kwathu amavula zipewa n'kumati, “Wawa, mwana wa mfumu!” Asiya kudzera njira imeneyi.

Ndipo tamverani izi. Anthu ayamba kubwera patebulo panga kufuna minjiro yonga ya mu kanema. Sadziwa kuti afika kwa mwini wake, amangoti wanga ukufanana kwambiri ndi weniweni. Mazipi ndasiya. Wogulitsa nsapato wandipatsa khonde lonse. Ndimasoka mawu amenewa kasanu pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse singano ikalowa ndimamva ngati ndikubaya tayi ija. Nkhonya yobwezera kuwawa.

Mu katoni ino muli diresi lanu la buluu, ndasoka ndekha, ndi jekete la sukulu la Chisamba. Mukayese, ngati m'chiuno mwathina mundiuze. Ndipo mulembe, ngakhale mizere iwiri.

Ine wanu,
Bambo a ana.

28 Epulo

Amake Chisamba,

Moni. Ndili bwino. Kalata yanu ndalandira, ngati ili kalata. Palibe moni, palibe za diresi. Mizere itatu: “Kanema wafika kuno. Chisamba sakupita kusukulu. Kodi ine ndine mwana wa ndani?”

Funso lanji limenelo? Ine ndimanena achimwene anu, iwo okha, munthu amene anandibera thukuta langa n'kundiopseza ngati galu. Malemu akulowamo bwanji? Ndi kanenedwe chabe, mawu amene aliyense amaponya akapsa mtima. Mukufuna kundiuza kuti pa miyezi isanu ndi iwiri ija ndikanakhala pansi n'kumasankha mawu ngati mlaliki?

Adalaivala andiuza zonse, poti inu simunafune. Akuti kuvidiyo kuseri kwa galaja kuja akumaonetsa katatu pa tsiku, ndipo akafika pa mpendero amaimitsa, n'kubwezera, anthu n'kumawerenga pamodzi ngati kwaya. Akuti za kamba ndi malupanga palibe amene akuzilabadira, amalipira kudzaona mpendero basi. Akuti ena amafunsa mokweza kuti paja nsalu ya eni sitolo ija inapezeka? Ndipo amayi asiya kupita kumsika. Ndamva.

Koma wolakwa ndani? Ndani anaimba foni kwa aliyense kumeneko kuti muonere kanema, zovala zake ndapanga ndine? Si a Bwana Tayi? Akanakhala chete, ndani akanadziwa kuti mawuwo akukhudza banja liti? Anadziika okha pa mbiya yotentha. Ndipo anthu akusekawo ndi omwe aja ankabwera kudzapempha atate anu kuti awasokere ulere. Ndikawatchula mmodzimmodzi pepala lino silikwana.

Chisamba abwerere kusukulu Lolemba. Amene amutchule dzina loipa, inu mukaonane ndi ahedi. Mumuuze kuti bambo ake ndi amene anasoka chovala chimene dziko lonse likuchikamba. Ayende mutu uli m'mwamba.

Nkhani ina. Azimayi awiri anatulutsidwa mu holo aja sanagone nayo nkhani. Yafika kwa mayi wina wolemba nyuzipepala, ndipo wakhala akufunsa telala aliyense wa kwathu kumsika kuno. Dzulo anaima patebulo panga. Anatenga mwinjiro umodzi, kuutembenuza, kuyang'ana kunsi kwa msoko, n'kundiyang'ana ine. Akuti, “Ena onse akukopera. Inu simukukopera.” Tapangana Lachinayi.

Musandiletse. Zaka khumi ndi chimodzi ndili kuno, dzina langa silinalembedwepo paliponse kupatula pa katoni. Ndikufuna lilembedwe, ndipo ndikufuna achimwene anu aliwerenge.

Ine,
Bambo a ana.

7 Meyi

Amake Chisamba,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Mafuta ophikira akwera mtengo kuno, ulendo uno ndatumiza botolo limodzi.

Zatheka. Koma ndiyambe ndi Lachitatu, chifukwa mudzamva kwa eni ake mokhota.

Lachitatu m'mawa ndikudula nsalu, ndinaona nsapato zowala zaima kutsogolo kwa tebulo. Kukweza maso, achimwene anu. Kolala yotsegula, khosi lili pamtunda. Ndinali ndisanalionepo khosi limenelo.

Akuti, “Mlamu, ndabwera wopanda tayi.”

Ndinati, “Ndaona. Yabedwa?”

Anatulutsa kope langa m'jekete n'kuliika pa nsalu. Akuti, “Nali kope lako. Kanema wachiwiri akubwera. Ndikamuuza Dona zoona, dzina lako lidzalembedwa, langa alichotse. Koma wa nyuzipepalayo usamuuze tanthauzo. Ndikukupempha.”

Ndinati, “Tanthauzo munanena kale pa TV, a mwana wa mfumu.”

Akuti, “Usachite chibwana. Akalemba adzafuna kudziwa kuti mbavayo ndani. Atate agona m'manda zaka zisanu ndi chimodzi. Ukufuna uwadzutse kuti akalowe m'nyuzipepala?”

Ndinawayankha zimene ndakhala ndikusunga chaka chathunthu. Ndinati, “Singano siyankhula ndi dzanja, bwana. Imangobaya.”

Wogulitsa nsapato ananamizira kupukuta nsapato imodzi yomweyo. Kenaka achimwene anu anati, “Ine ndinakubera, sindikana. Unditukwane ine mpaka utatopa. Nanga atate anakubera chiyani? Sizasi uli nayo m'manjayo ndi ya ndani?”

Ndinapitiriza kudula, ndipo ndinadula mokhota, nsalu ya kasitomala n'kuwonongeka. Anaima pang'ono n'kumapita. Akanabwera chaka chatha ndi mawu amenewo, bwenzi zonsezi kulibe. Munthu amakumbuka kuti ali ndi atate pamene madzi afika m'khosi?

Lachinayi ndinamuuza mayi uja zonse. Kope ndinamuonetsa, tsamba ndi tsamba. Anandijambula nditagwira sizasi. Lamlungu nyuzipepala inatuluka, nkhope yanga theka la tsamba, dzina langa lonse, losalakwika ngakhale chilembo chimodzi. Ndinagula zitatu. Lolemba achimwene anu anawachotsa ntchito. Akuti anatuluka ndi katoni ya zinthu zawo, telala aliyense m'chipinda muja makina ali chiimire, kuwayang'ana. Ndikanakonda ndikanakhalapo, ndikanawatsegulira chitseko.

Pali mzere umodzi umene sindinaukonde. Mayiyo anandifunsa kuti bwanji ndinati mwana wa mbava, osangoti mbava. Ine ndinangotchula za kundende zija modutsa, poti anafunsa. Iye walemba. Dzina la malemu sanalitchule, wangoti bambo wa kapitawoyo anamangidwapo chifukwa cha nsalu. Ndi mzere umodzi, uli kumunsi kwenikweni, ambiri safika kumeneko. Nyuzipepalayo sinditumiza.

Mwaona tsono kuti sindinkakokomeza. Choipa chitsata mwini.

Ine,
Bambo a ana.

30 Meyi

Amake Chisamba,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndilipo. Chakudya sichikulowa bwino masiku ano, kaya ndi nyengo.

Adalaivala abweza katoni. Yosatsegula, chingwe chake chomwe ndinamanga ine. Pamwamba mwaikapo diresi la buluu lija, lopindidwa mmene ndinalipindira. Anthu pa siteji anaona, ndipo Adalaivala sanandiyang'ane kumaso. Mwandichititsa manyazi. Mafuta ndi sopo zalakwa chiyani? Ana adya mkwiyo wanu?

Kapepala kanu ndawerenga. “Bwezani sizasi ya atate ndi kathumba kake. Musanatumize, mukatembenuze kathumbako.” Sizasiyo anandipatsa ine, m'manja, inu mukuona. Ndi imene yamanga nyumba mukukhalamoyo. Ndikaitumiza ndidulira mano? Ndiyambe ndapeza ina.

Kuno zikuyenda mosiyana ndi mmene achimwene anu ankaopera. Anthu atadziwa tanthauzo lenileni, m'malo mokwiya akondwa kuposa kale. Holo ikudzazanso. Akuti akafika pa mpendero onse amaimirira n'kukuwa mawuwo, m'kamwa mokhota momwemo, “muwana wa mubava!” Wadazi uja anandipeza kumsika, buku lake kukhwapa. Anandigwira dzanja osalisiya. Akuti m'buku, chakumapeto, zimadziwika kuti mfumu yakaleyo nayonso mpando inachita kulanda, ndiye mawu anga anena m'mzere umodzi zimene wolemba anazinena m'masamba mazana asanu ndi atatu. Akuti ndine munthu wozama. Anandipempha kuti ndisaine m'buku lake. Ndinasaina.

Dona nayenso wandiitana. Akufuna ndikhale kapitawo pa kanema wachiwiri, mapepala anga akonza iwo, ndipo akufuna mawu atsopano pa mwinjiro watsopano. Mpando wa khushoni womwe uja.

Ndapambana, amake Chisamba. Ndimati mukondwera nane.

Achimwene anu akuti ali pa galaja ina, akutsuka magalimoto. Sindinapite kukaona, ngakhale mtima umafuna.

Kathumbako sindinakatembenuze. Ntchito yachuluka.

Bambo a ana.

8 Juni

Amake Chisamba,

Sindikudziwa ngati muli bwino, poti palibe wondiuza. Ndikupempha Mulungu kuti mukhale bwino, inu, ana ndi amayi. Za ine musafunse.

Ndakatembenuza.

Linali Lachisanu masana, kumsika kuli phokoso. Kutsidya kwa msewu ana a sukulu ankasewera za mu kanema, wina atamanga thaulo m'khosi, akukuwa mawu aja. Ndinatulutsa sizasi, n'kulowetsa zala m'kathumba, n'kukatembenuza. Mkati, mu mpendero, ndi ulusi wakuda pa nsalu yakuda, moti ukapanda kupendeketsa padzuwa sungaone, muli liwu limodzi. “Sindinabe.”

Zaka khumi ndi chimodzi ndayenda nalo m'thumba la jekete. Inu munkadziwa. Muyenera kuti munawaona akulisoka, atabwerako kuja, pamene panalibe wowabweretsera ngakhale batani loti aike. Sanakuwe pamsika, sanapite kwa wolemba nyuzipepala. Anasoka liwu lawo mkati, n'kulipereka kwa mkamwini amene ankamukhulupirira. Ndipo mkamwiniyo anatenga sizasi yomweyo n'kudulira nsalu yowatukwanira pamaso pa dziko lonse.

Ndinakuuzani kuti malemu sindinkawaganizira. Ndinanama. Tsiku limene ndinkasankha mawu aja ndinkafuna pamene pangawawe kwambiri, ndipo ndinkadziwa kuti ndi pamenepo. Chimene sindinafune kuganiza n'chakuti bala limenelo si la achimwene anu okha. Munandifunsa kuti ndinu mwana wa ndani. Ndinu mwana wa telala amene sanabe.

Pali chinanso. Nditayang'anitsitsa, zilembo za m'kathumbamo n'zokhotakhota, zamichira yopiringizana. Ndi zomwe zija za mu kope langa. Ndinkati ndinazitulutsa m'mutu mwanga, chikhalirecho ndinaziona kwa iwo ndikuphunzira ntchito. Ndakhala chaka ndikulira kuti andibera zilembo, ndipo m'nyuzipepala monse muja sindinatchule n'kamodzi komwe amene anandiphunzitsa.

Achimwene anu sindinawakhululukire, ndisakunamizeni. Anandibera, ndipo ndikawaona mtima udzawirabe. Koma dzulo ndinapita ku galaja kuja ndi kathumbako. Anapukuta manja, anakapendeketsa padzuwa, anawerenga. Anakhala pa ndowa. Nditatembenuka kuti ndizipita anangoti, “Ukapereke kwa mlongo wanga.”

Minjiro khumi ndi inayi inali patebulo ndaisolola ulusi wonse ndi lezala. Eni ake akalipa, ena ndawabwezera nsalu zawo. Koma wa mu kanema uja sindingausolole. Uli m'maholo, uli kuseri kwa galaja, uli pamkono pa mnyamata uja. Madzi akatayika saoleka.

Sizasi ili mu katoni, m'kathumba kake, ndaipaka mafuta. Ndagula ina ya chigwiriro chapulasitiki, imatafuna nsalu. Diresi la buluu ndaliikanso. Ngati simulifuna mupatse wina, koma muyambe mwaona mu mpendero. Mawu ake ndi a atate anu omwe aja a pa ukwati, ine ndilibe anga abwino.

Dona akudikira yankho pofika kumapeto kwa mwezi. Akufuna mawu a pa mwinjiro wachiwiri, ndipo akuti wojambula adzautsatanso mpendero pang'onopang'ono, chilembo chilichonse ngati chitseko. Ndili nalo liwu limodzi loti liwerengedwe kwathu, kuvidiyo kuseri kwa galaja kuja, aimitse, abwezere, awerenge pamodzi ngati kwaya. Ndipo kumapeto, pa mayina, ndikufuna pakhale dzina la mwini zilembo weniweni. Koma liwulo si langa, ndi lija la m'kathumba. Ndatenga kale zambiri za atate anu osapempha.

Mufunse amayi. Mukalola, muwauze Adalaivala kuti inde, ngakhale osalemba. Mukakhala chete ndimva, ndipo Dona ndikamuuza kuti afune telala wina.

Loweruka ndidzakhala pa siteji basi isanafike.

Ine mkamwini wa atate anu,
Bambo a Chisamba.